Kosi Imene Ndinakana Kuitsegula

Ntchito yanga yoyamba inali ya taipi, pa kampani ina ya boma imene inali ndi maofesi kufupi ndi msewu wa Cairo, mu Lusaka. Ndinalowa ndili mtsikana, ndikukhala kwa makolo anga ku Kabwata. Boma litasintha n'kuyamba kugulitsa makampani ake, yathu nayonso inapita, ndipo ife a taipi ndife tinayamba kuuzidwa kuti tikapume. Anzanga ena anakayamba kugulitsa salaula, zovala zakaunjika, ku City Market. Ine ndinapeza kachipinda kena pamwamba pa sitolo m'tauni, kumene bambo wina ankaphunzitsa kompyuta, ndipo ndinakhala pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa mng'ono wanga. Ankandiseka ndikamagwira mausi ndi manja awiri. Koma ikafika nthawi yotaipa, onse ankasiya zawo n'kumayang'ana zala zanga.

Ndinayenda m'maofesi angapo, mpaka ndinakakhazikika pa kakoleji kena ku Woodlands. Inali nyumba yogona anthu imene anaisandutsa sukulu. Pabalaza panali kalasi yaikulu, m'galaja munali mabuku, ndipo ine ofesi yanga inali chipinda chimene kale ankasungiramo zakudya, mashelefu ake akadalipo. Mwini koleji anali bambo wochokera ku Copperbelt, amene naye ntchito inamuthera ku migodi nthawi yomweyo imene ine inandithera. Ankakhala ku Kabulonga. Tonse tinkawaitana kuti ba dailekita. Anali munthu wabwino, wodziwa dzina la mlonda ndi la mwana wa mlonda, koma akaganiza chinthu m'mawa ankafuna kuti pofika masana chikhale chitachitika.

Ophunzira athu ambiri anali anthu apantchito: manesi, aphunzitsi, apolisi, akuluakulu a mipingo. Kubwera m'kalasi tsiku ndi tsiku kunkawavuta. Ndiye koleji inayamba kuphunzitsa pa intaneti. Anabwera anthu awiri a kampani ina, anatikonzera tsamba lophunzirirapo, anatiphunzitsa masiku atatu, n'kupita. Pofunsa kuti ndani aziyang'anira tsambalo, aphunzitsi onse anayang'ana pansi. Ba dailekita analoza ine, ati chifukwa ndine ndekha pa koleji amene sindinkaiwala pasiwedi.

Ntchitoyo inali yotere. Kosi iliyonse inali ndi kachizindikiro ka diso pambali pa dzina lake. Ndikadina, diso linkatsekeka ndipo kosiyo inkasowa pamaso pa ophunzira, ngakhale kuti zonse zinali momwemo. Ndikadinanso, inkaonekera. Koma kuona dzina la kosi n'kosiyana ndi kulowamo. Ine ndiye ndinkasankha kuti olowa akhale okhawo amene ndawalemba, kapena amene mphunzitsi wawapatsa mawu achinsinsi amene tinkawatcha kiyi, kapena aliyense wongodutsa, amene tsambalo linkamutcha mlendo. Ndinkaikanso tsiku ndi ola limene mayeso atseguke ndi limene atsekeke.

Mwezi woyamba ndinalakwitsa. Ndinatseka diso la kosi ya aphunzitsi a ana aang'ono ndikuganiza kuti ndikutseka ya chaka chatha, ndipo kwa ine zonse zinkaoneka bwinobwino, poti woyang'anira amaona chilichonse, chobisika ndi chosabisika chomwe. Foni yanga inalira tsiku lonse. Kuyambira pamenepo ndinadzipangira akaunti ina ngati wophunzira wamba, ndipo ndikasintha kanthu kalikonse ndinkatuluka n'kulowanso ndi akauntiyo kuti ndione zimene wophunzira akuona. Palibe anandiphunzitsa zimenezo. Ndinazitulukira ndekha, ndipo mpaka lero ndimanyadira.

Kosi imene inkatchuka kwambiri pa koleji yathu inali ya uphungu. Ankaphunzitsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Roma, dera lina la mu Lusaka momwemo, nesi wopuma pantchito, wolankhula motsitsa mawu moti kalasi yonse inkachita kukhala chete kuti imve. Mayiyu poyamba sankaifuna intaneti. Koma atazindikira kuti m'kosi muli malo amene ophunzira angalembemo n'kumayankhana, amene tinkawatcha bwalo, anawakonda kuposa tonsefe. Sabata yachitatu ya kosi ankauza ophunzira kuti aliyense alembe m'bwalomo chinthu chimodzi cholemera cha pa moyo wake, anzake aphunzire kuyankha mosaweruza. Ndipo ankawalonjeza kuti zolembedwa m'menemo aziona ndi a gulu lawo lokha.

Tsiku lina wophunzira mmodzi anatumiza uthenga kuti zimene walemba zatuluka kawiri, netiweki itamuvuta, ndipo ankapempha kuti chimodzi chifufutidwe. Ndinalowa m'bwalo muja. Kuti ndidziwe ngati ziwirizo zinalidi zofanana, ndinayenera kuzitsegula. Ndinawerenga mzere woyamba, ndipo ndiyenera kunena zoona, sindinaime pamenepo. Ndinawerenga mpaka kumapeto.

Wolembayo ndinkamudziwa. Anali mayi wa ku Kabwata konkuno, nyumba yake ili mzere wachiwiri kuchokera pa yathu, mphunzitsi wa ana a mkaka, woimba m'kwaya ya mpingo wathu. Analemba kuti wakhala akumwa mankhwala otalikitsa moyo kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa ndi malemu amuna ake ndi a kuchipatala basi. Ana ake sankadziwa. Apongozi ake, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, sankadziwa. Mankhwalawo ankakatengera ku chipatala cha kutali, n'kumawasunga m'chitini cha ulusi ndi singano. Analemba kuti aka kanali koyamba kunena zimenezi kwa anthu.

Ndinafufuta chimodzi chija, n'kutseka kompyuta. Ndinakhala m'kachipinda kanga nthawi yaitali ndikuyang'ana mashelefu. Ndinkamva ngati ndasuzumira pawindo la munthu akusamba. Mawa lake ndinapita kwa mphunzitsi wa kosi uja n'kuwauza zimene ndinachita.

Iwo anati, "Mwawerenga, mwawerenga, amayi. Ndiye kuti tsopano ndinu wa gulu lathu. Lonjezo lija lakugwirani inunso."

Panapita masabata atatu. Nthawi imeneyo makoleji anali ataphuka paliponse mu Lusaka. Ukakwera minibasi kuchoka ku Kabwata kupita ku Woodlands, unkawerenga zikwangwani zawo pa mipanda mpaka kutopa. Ba dailekita zimenezi zinkawasowetsa mtendere. Lachisanu lina chakumasana anandiitanitsa ku ofesi yawo. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chosakaniza ndi Chibemba.

"Mayo, muli shani? Nkhalani pansi," anatero. "Pa Mande kubwela alendo. Ni ba bungwe lina, bafuna kutuma anchito bawo kuti baphunzile uphungu. Manje baona makoleji atatu, ise ndise ba lasiti. Nifuna mutsegule ija kosi, aliyense azilowa monga mlendo. Baone kuti ise tiphunzitsa zoona."

Ndinati, "Maphunziro ake ndingatsegule, ba dailekita. Koma mkati muja muli bwalo la ophunzira."

"Ndiye ija nifuna maningi! Ba madamu ba uphungu baniuza ati bantu balemba, bayankhana, ni yamoyo. Manotsi aliyense ali nayo. Chamene benangu balibe ni ija."

"Ophunzira analonjezedwa kuti zimene alemba m'menemo siziwonedwa ndi munthu wakunja."

"Ni masiku angati? Tisegula lelo, pa Chibili tivala. Ndani azaziba?"

Ndinawafotokozera kuti kosi ikatseguka kwa alendo, sikuti alowa ndi alendo a Lolemba okha. Aliyense amene ali ndi foni angalowe, angajambule zimene waona, n'kutumiza kwa mnzake, ndipo ukatseka Lachiwiri zojambulidwazo sizibwerera. Anamvetsera, koma ndinaona kuti maganizo awo ali pa alendo aja. Anandifunsa kuti kodi muli chiyani choopsa chotero. Ndinati sindinganene. Apa nkhope yawo inasintha.

"Mayo, koleji ni yanga. Kosi ni yanga. Imwe nakupasani chabe kiyi kuti munisungile. Ngati simufuna, nilembeleni pasiwedi apa, nizasegula neka."

Anakankhira kapepala ndi cholembera kwa ine. Mphunzitsi wa kosiyo anali atapita ku maliro ku Katete, ndipo foni yawo sinkapezeka. Panalibe wina wondithandiza kulankhula. Ndinali ndi zaka zoposa makumi asanu, ndipo ndinkadziwa bwino kuti kukhala pakhomo wopanda ntchito kumawawa bwanji.

Ndinati, "Pasiwedi ndi yanu, ndikulemberani. Koma ndikatuluka muno ndikutumiza uthenga kwa ophunzira onse a kosiyi kuti bwalo lawo litsegulidwa, aliyense achotse zimene analemba. Zimenezo ndichita, ndipo ndikukuuziranitu kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu. Kapena mundipatse mpaka Lolemba m'mawa. Ndikukonzerani chinthu choonetsa alendo. Mukapanda kuchikonda, mudzanene."

Anagogoda tebulo ndi chala. Kenako anabweza kapepala kaja n'kukaika m'dirowa.

"Mande, seveni awazi," anatero, osandiyang'ana.

Loweruka m'mawa ndinafika ku koleji n'kupeza magetsi azima, mlonda akuti abwera madzulo. Ku Kabwata nakonso anali atazima. Ndinaimbira mkulu wanga amene amakhala ku Chelstone, ndipo anati kwawo akuyaka. Ndinakulunga laputopu ya koleji m'chitenje, ndinaiika m'chikwama cha kumsika, n'kukwera minibasi yopita m'tauni, kenako ina ya ku Chelstone, chikwama ndachikumbatira pachifuwa ngati khanda.

Mkulu wanga anali akukazinga vitumbuwa vogulitsa pageti. Ndinamuuza mwachidule kuti ndakangana ndi abwana, osatchula za mayi uja.

"Iwe, pa msinkhu wakowu ukukangana ndi mwini ntchito?" anatero. "Akakuchotsa udzabwera kuno udzandithandize kukazinga."

"Ndidzabwera. Panopa ndibwereke tebulo ndi foni yako."

Maganizo anga anali oti ndikope kosi yonse, ndipange inzake yofanana nayo koma yopanda munthu aliyense mkati, ndipo imeneyo ndiyo itsegukire alendo. Ndinali ndisanachitepo zimenezi. Pokopa, tsambalo linkafunsa mafunso ambiri, timabokosi todina tili ndandanda. Ulendo woyamba ndinasiya kabokosi kamodzi kali kodina, kakuti zolemba za ophunzira zibwere nawo. Kosi yatsopano itatuluka ndinaona maina onse ali m'menemo, bwalo lonse lathunthu. Mwayi wake, ndinali nditaitseka diso ndisanayambe, moti panalibe akanaiona. Ndinaifufuta yonse n'kuyambiranso, ndikuwerenga kabokosi kalikonse mokweza ngati mwana wa giredi yoyamba, mpaka mkulu wanga anasuzumira pakhomo kufunsa ngati ndikupemphera.

Ulendo wachiwiri inatuluka yoyera. Munali maphunziro a sabata iliyonse, mawu a mphunzitsi amene tinawajambula akuphunzitsa, ndi mafunso oyeserera. Mayeso enieni ndinawachotsa. Koma ndinaona kuti ba dailekita sananame: popanda bwalo, kosiyo inkaoneka ngati nyumba yosalowamo anthu. Ndiye ndinakumbukira kuti mphunzitsi uja anali ndi nkhani zopeka zimene ankayambira nazo kalasi, za anthu oti kulibe, ndi mayankho awiriawiri, lina labwino lina loipa, kuti ophunzira asiyanitse. Ndinali nditazitaipa ndine, ndipo zinali mu laputopu momwemo. Ndinatenga zinayi n'kuziika m'bwalo la kosi yatsopanoyo, pamwamba n'kulemba kuti izi ndi zitsanzo chabe, zokambirana zenizeni za ophunzira athu sizionetsedwa kwa wina aliyense.

Nditatsegula diso, ndinatenga foni ya mkulu wanga, imene inali isanalowepo pa tsamba lathu, n'kulowa ngati mlendo. Kosi yachitsanzo inatseguka. Ndinayesa kosi yeniyeni, ndipo inandifunsa kiyi. Ndinayesa kulowera kumbali, kudzera pa mndandanda wa ophunzira, kudzera pofufuzira mawu, kudzera pa adiresi ya bwalo imene ndinaikopera pa pepala. Konse inandikaniza. Ndinapatsa mkulu wanga foniyo kuti nayenso ayese, manja ake ali mafuta okhaokha.

"Ikuti ndilibe chilolezo," anatero. "Yamwano bwanji."

Ndinaseka kwa nthawi yoyamba chichokereni mu ofesi ya ba dailekita. Dzuwa linali litapendeka. Ndinadya vitumbuwa viwiri ndi tiyi, n'kuyamba ulendo wobwerera.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mayi uja anandipeza pansi pa mtengo pamene amayi amaimapo kupatsana moni. Anali akadali mu yunifomu ya kwaya, apongozi ake ali pambali.

"Amake mwana, mayeso aja atseguka Lachitatu eti?" anandifunsa.

"Lachitatu, eyiti koloko m'mawa. Atsekeka Lachisanu."

"Mundipempherere. Mutu wakalamba uwu."

Ndinati akhoza. Tinagwirana chanza, n'kusiyana. Sankadziwa chilichonse cha zimene zinachitika Lachisanu, ndipo sindinamuuzepo mpaka lero.

Lolemba ndinafika isanakwane seveni. Ba dailekita anali atafika kale, atavala suti yawo ya masiku aakulu. Sindinawaonetse pa kompyuta yanga. Ndinawapempha foni yawo, n'kuwauza kuti alowe okha ngati munthu wongodutsa. Anatsegula kosi yachitsanzo, anamvetsera mawu a mphunzitsi pang'ono, anawerenga nkhani imodzi ndi mayankho ake awiri. Kenako, osandiuza, anabwerera n'kudina kosi yeniyeni. Inawafunsa kiyi. Anayesa dzina la koleji, inakana. Anayesa dzina lawo, inakana.

"Na ine yanikana," anatero.

"Yakana mlendo, ba dailekita. Sikudziwa kuti ndinu."

Sananene kuti zili bwino, sananenenso kuti sizili bwino. Anangoti ndikhale nawo pamene alendo afika, mwina pangakhale mafunso.

Alendo anabwera atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi wovala magalasi, amene ankaoneka kuti ndiye mkulu wawo. Tinawaonetsa kosiyo pakhoma la pabalaza paja. Abambo aja anafunsa za masiku ndi za satifiketi. Mayiyo anadikira mpaka kumapeto, ndiye anati zitsanzozo waziona, koma akufuna aone zimene ophunzira enieni amakambirana, ngakhale pang'ono chabe, kuti adziwe ngati kosiyo ili ndi moyo.

Ba dailekita anatembenuka n'kundiyang'ana. Laputopu inali pamiyendo panga, ndipo kutsegula bwalolo kukanangotenga kudina kuwiri. Ndinangoika manja anga onse awiri pamwamba pa chivindikiro chake. Anakhosomola pang'ono, n'kutembenukira kwa mayi uja.

"Pepani madamu, kuja sitilowa," anatero. "Bantu balemba za umoyo wawo. Na ine mwine wa koleji, yanikana lelo m'mawa. Banchito banu bakabwela, naimwe simuzaona zamene balemba."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kulemba kanthu m'kabuku kake. Sindikudziwa chimene analemba. Sindinganenenso kuti n'chifukwa cha yankho limenelo, poti sanatiuze, koma temu yotsatira bungwe lija linatumiza antchito ake kwa ife.

Alendo atapita, ba dailekita anaima pakhomo la kachipinda kanga, nthawi yoyamba kufika kumeneko. Anayang'ana mashelefu, anayang'ana ine.

"Mayo, ndimwe bovuta," anatero. Kenako anatuma mlonda kuti akandigulire chakumwa chozizira.

Kuyambira tsiku limenelo, akamalankhula ndi makolo kapena alendo ankanena monyadira kuti pa koleji yawo chinsinsi cha wophunzira sachiona ngakhale mwini koleji, ngati kuti analiganiza okha lamulolo. Aphunzitsi ena ankandikodola akamva zimenezo. Ine sizinkandipweteka. Munthu amene wanena chinthu pagulu kambirimbiri savutanso kuchisunga.

Mphunzitsi uja atabwera ku maliro ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera atagwira kukamwa. Sabata yomweyo tinakhala pansi awiri n'kulemba tsamba limodzi la malamulo: kosi iti ioneke kwa aliyense, iti ifune kiyi, kiyi isinthidwe liti, ndipo gulu likamaliza maphunziro bwalo lawo lifufutidwe iwo atauzidwa. Ba dailekita anasaina osasintha liwu. Ndinapemphanso chinthu china chokhudza ine ndemwe. Ndinawaphunzitsa mayiwo kufufuta okha zolemba zotuluka kawiri, kuti ine ndisakhalenso ndi chifukwa cholowera m'bwalo lawo. Zinawatengera masana awiri, akudina molakwika n'kumadziseka, koma anadziwa. Zaka zonse zimene ndinakhalabe pa kolejipo sindinalowemonso.

Gulu lija linamaliza maphunziro chakumapeto kwa chaka. Mwambo unachitikira mu holo ina yobwereka m'tauni, ndipo ine ntchito yanga inali yokhala pa tebulo la pakhomo, kupereka mikanjo ndi zipewa. Mayi wa ku Kabwata uja anabwera mochedwa, akuthamanga, ana ake awiri ndi apongozi ali pambuyo. Chipewa chinkakana kukhala pa tsitsi lake limene analuka dzulo lake.

"Amake mwana, ndithandizeni, chikugwa," anatero.

Ndinachotsa mapini awiri pa duku langa n'kumumangira. Anawerama kuti ndifikire, ndipo ndinamva kuti akupuma mofulumira. Ataitanidwa dzina, apongozi ake anaimirira pakati pa holo n'kululutira mpaka wotsogolera mwambo anachita kudikira kuti amalize. Ine ndinaombera m'manja ndili pa tebulo langa, kenako ndinabwerera kukapinda mikanjo imene inatsala.

Masiku ano mayiyo amagwira ntchito ya uphungu pa kachipatala kena, masiku atatu pa sabata. Ngati anawauza ana ake kapena ayi, sindikudziwa, ndipo si ine woyenera kufunsa. Timakumana ku msika wa Kabwata, iye akusankha tomato ine ndikusankha repu, n'kudandaulirana za mawondo.